Msipu Wonona ndi Ziboda za Kavalo

Munthu akaima pa zitunda za Clermont, mudzi waukulu uja wa kumadzulo kwa Durban umene unakhazikitsidwa mu 1931, kumene anthu akuda analoledwa kugula malo ndi kukhala eni ake pa nthawi imene mwayi wotere unali wosowa m'dziko la South Africa, namwaza maso uku ndi uko, adzaona nyumba zothithikana m'matsitso, mafakitale a ku New Germany cha kumunsi, ndi mbuzi zingapo zikubudula udzu m'mphepete mwa msewu. Koma kavalo adzamusowa. Akavalo ali kumtunda. Msewu wa M13 ukachoka ku Pinetown, nukwera Field's Hill, nupyola Kloof ndi Hillcrest, umafikitsa munthu ku Shongweni ndi ku Summerveld, kumene kuli makola ochuluka: ena a akavalo a liwiro amene amakapikisana pa bwalo la Greyville, pamene mpikisano wa Durban July, woyamba mu 1897, umachitikira chaka ndi chaka, ena a akavalo odumpha mipanda, ndipo ena a akavalo aafupi aja, maponi, amene ana a anthu achuma amaphunzirirapo kukwera. Tsono popeza mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, sichachilendo kuti mnyamata wa ku Mangochi, wa ku Mzimba kapena wa ku Dedza, amene wachita lendi kachipinda ku Clermont kapena ku KwaDabeka, alawirire m'bandakucha kukakwera tekisi yopita kumtundako, nakapatsidwa ndowa, burashi ndi chingwe, nauzidwa kuti kuyambira lero moyo wa nyama iyi uli m'manja mwake.

Mnyamata wotereyu sadza chimanjamanja pa nkhani ya ziweto. Anakula akudyetsa ng'ombe kudambo, ndipo mbuzi yodwala amaizindikira ikali patali. Koma kavalo ndi mlendo kwa ife, pakuti kashembe ndi mliri wa akavalo wofalitsidwa ndi tintchentche zinaletsa nyama iyi kuswana bwino kwathu, kotero kuti Amalawi ambiri amene anamuonapo ndi maso anakamuonera pa phiri la Zomba kapena ku Kande m'mbali mwa nyanja. Ndipo pa nzeru zonse zimene tinalandira kwa makolo, ilipo imodzi imene imasanduka msampha tikalowa m'khola la akavalo. Kwathu chiweto chonenepa ndicho ulemu wa mbusa. Ng'ombe yooneka nthiti imachititsa manyazi mwini khola, ndipo mvula yoyamba ikagwa, msipu nuphuka, timatsekulira ziweto ndi mtima wokondwa kuti zikadye kufikira zitakhuta. Chifundo chomwechi ndicho chimene chimapundula akavalo ambiri.

Nthenda yake madokotala a ziweto amaitchula kuti laminitis, ndipo imagwira ziboda. Kuti tiimvetse tiyenera kudziwa poyamba kuti kavalo amayendera chala chimodzi ku mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndicho chikhadabo cha chalacho. M'kati mwa chiboda muli fupa lotsiriza la mwendo, limene Mlengi analipachika ku khoma la chibodacho ndi timasamba topyapyala ta mnofu, pafupifupi 600 m'chiboda chimodzi, tolumana mwaluso ndi timasamba tina ta khomalo, ndipo kalikonse kali ndi timasamba tinanso ting'onoting'ono toposa 100. Pa timasamba timeneti ndi pamene palendewera thupi lonse la nyama ya makilogalamu 500, ndipo miyendo yakutsogolo ndiyo imasenza katundu wambiri, ngati magawo 60 pa 100 alionse. Timasambati tikafooka ndi kutanuka, fupa lija limasiyana ndi khoma, nilipendekeka kapena kutsikira pansi, mwinanso kufikira kuboola kuphazi. Amene anapunthwapo pa chitsa, chikhadabo cha kumwendo nichizuka pang'ono, ayese kuganiza kuti walamulidwa kuimirira pa chikhadabo chomwecho usana ndi usiku atasenza thumba la chimanga. Ameneyo adzamva pang'ono chabe za ululu umene kavalo wogwidwa ndi nthendayi amapirira osalira.

Njira zimene nthendayi imadzera zilipo zitatu, ndipo ziwiri ndingozitchula mwachidule. Ina ndi ya ululu wolowa m'magazi: kavalo akathyola chitseko cha mosungira zakudya nadya chimanga kapena oats mopyola muyeso, chakudyacho chimafika m'thumbo lalikulu chisanagayike, nichisasa momwemo, nichipha tizilombo tabwino tothandiza kugaya udzu, zoterezi zimachitikanso kwa kavalo wamkazi amene zotsala za m'mimba zakana kutuluka atabereka. Ina ndi ya mwendo wolemedwa: Barbaro, kavalo wa ku America amene anapambana mpikisano wa Kentucky Derby mu 2006, anathyoka mwendo wakumbuyo patapita masabata awiri, ndipo ngakhale madokotala analumikiza mafupawo, mwendo unzake umene unasenza thupi lonse unagwidwa ndi laminitis, kufikira anamupumitsa mu Januwale 2007. Secretariat, amene mbiri ya liwiro lake la mu 1973 ikali kusimbidwa, nayenso anamupumitsa mu 1989 chifukwa cha nthenda yomweyi. Ndalama zinalipo, madokotala analipo, koma madzi akatayika saoleka.

Njira yachitatu ndiyo imene wosamala akavalo adzakumana nayo kawirikawiri, ndipo ndiyo ikhudzana ndi msipu. Nyama ikadya shuga kapena sitachi, thupi limatulutsa insulini, amene ntchito yake ndi kulowetsa shugayo m'minofu. Mwa akavalo ena insuliniyo amatuluka wochuluka koposa ndi kukhalitsa m'magazi. Mu 2007 akatswiri a ku University of Queensland, m'dziko la Australia, anaonetsa kuti maponi athanzi amene anawalowetsa insulini wambiri m'mitsempha anagwidwa ndi laminitis asanathe maola 72, ngakhale m'mimba mwawo munalibe vuto lililonse. Ndipo kafukufuku wa pa chipatala cha akavalo ku Helsinki, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti pafupifupi 9 mwa akavalo 10 alionse obwera ndi nthendayi anali ndi vuto la mahomoni, kaya la insulini lomweli, kaya lina la akavalo okalamba, lotchedwa Cushing, limene limachititsa ubweya kutalika, kupotana ndi kukana kuthothoka nyengo yotentha ikafika. Ichi ndicho chifukwa chake akavalo awiri angadye m'busa limodzi tsiku limodzi, wina nabwera akujowajowa, mnzake nakanika kufika pakhomo la khola.

Amene amagwidwa kwambiri si akavalo a liwiro a ku Summerveld, amene amathamanga m'mawa uliwonse nawotcha zonse zimene adya. Ndi maponi a mtundu wa Welsh ndi Shetland, ndi mitundu yolimba ya kuno kummwera monga poni wa ku Lesotho, imene makolo ake anazolowera kukhala ndi moyo pa udzu wochepa wa m'mapiri, kotero kuti matupi awo amasunga kalikonse kamene kalowa m'kamwa. Nyama yotere ikaikidwa pa msipu wothiriridwa ndi kuthiridwa feteleza, nikukweredwa Loweruka lokha, imanenepa mofulumira. Pali muyeso wa kunenepa kwa akavalo umene Don Henneke wa ku Texas anaukonza mu 1983, woyambira pa 1, kavalo wotsala mafupa okhaokha, kufika pa 9, wonenepa kotheratu. Wathanzi amakhala cha pa 5, pamene nthiti sizioneka ndi maso koma zimamveka msanga ukasisita ndi chikhatho. Wosamala asadalire maso okha, makamaka m'nyengo yozizira pamene ubweya umabisa zambiri. Agwire pamwamba pa khosi, pamene pamamera ubweya wautali uja: ngati pali mtanda wa mafuta wokhuthala, wolimba, wodzaza dzanja, kapenanso wopendekera mbali imodzi, ngati mafuta aunjikana pa tsinde la mchira ndi kuseri kwa mapewa, ndipo timaenje ta pamwamba pa maso tadzaza, adziwe kuti kavalo ameneyu wayandikira tsoka, angakhale alendo akumuyamikira kuti ndi wokongola.

Tsono tibwere ku udzuwo. Udzu umapanga shuga masana ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo usiku umagwiritsa ntchito shugayo pokula. Chifukwa chake shuga amachuluka m'masamba chakumadzulo, nachepa kuyambira usiku kwambiri kufikira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Koma usiku ukazizira kufika pansi pa madigiri 5, udzu umaleka kukula, ndipo shuga wa dzulo amagona m'masamba momwemo, m'mawa dzuwa niliwonjezera wina. Ku Clermont ndi m'mbali mwa nyanja ya Durban chisanu chotere sichidziwika, koma munthu akakwera kupyola Hillcrest, makamaka akafika ku Nottingham Road ndi ku Mooi River, kumene kuli mafamu oswetsa akavalo, adzaona m'mawa wa Juni ndi Julayi udzu utayera mbuu ndi chisanu pansi pa thambo lopanda mtambo, ndipo m'mawa wotere ndiwo woopsa koposa kwa poni wonenepa. Mtundu wa udzu nawonso uli ndi mbali yake. Kikuyu, udzu wochokera ku mapiri a ku Kenya umene wafala m'mabusa a KwaZulu-Natal, ndi kapinga, kawirikawiri sasunga shuga wambiri monga ryegrass, udzu wa kumaiko ozizira umene alimi a mkaka amafesa pakati pa kikuyu kuti ng'ombe zipeze chobiriwira m'nyengo yozizira. Ryegrass anakonzedwera ng'ombe zamkaka, ndipo busa lokondweretsa mlimi wa mkaka ndilo loyenera kutsekedwa kwa poni. Komabe munthu asayese kikuyu wopanda mlandu. Mvula ya Okutobala ikayamba, amaphuka mwamphamvu, wofewa ndi wokoma, ndipo kavalo amadya wochuluka kotero kuti kuchepa kwa shuga m'tsamba limodzi sikuthandizanso kanthu. Walira mvula walira matope.

Chinanso chimene chimanyenga ambiri ndi busa lodyedwa kufikira pansi. Mwini amaliyang'ana nanena kuti muno mulibe kanthu, nasiya poni wake momwemo tsiku lonse. Pamene udzu wofinyidwa ndi chilala kapena wobudulidwa kosalekeza umasunga shuga wake kutsinde, ndipo poni ndi milomo yake yaluso amatola kamphukira kalikonse kakangotuluka. Udzu wotulutsa ngala nawonso uli ndi sitachi m'njere zake, zimene akavalo amasankha ndi kupulula.

Pano pali chopinga chimene mabuku olembedwa ku Ulaya sachidziwa. Iwo amalangiza kuti kavalo wotere adye kunja usiku kapena m'bandakucha, pamene shuga ali wochepa. Koma kuno ku Africa nthawi ya chisisira ndi ya m'bandakucha ndiyo nthawi ya tintchentche ta Culicoides, tofalitsa African horse sickness, mliri umene umapha akavalo ambiri amene wawagwira, makamaka kumapeto a dzinja mvula itagwa yambiri. Ndipo ngakhale katemera amaperekedwa pakati pa Juni ndi Okutobala, langizo la madokotala ndi lakuti m'miyezi ya tintchentcheti akavalo alowe m'khola dzuwa lisanalowe, asatulukenso kufikira litakwera ndithu. Potero m'dzinja wosamala amatsala ndi kanthawi kochepa, kuyambira pamene mame ayamba kuuma kufikira cha m'ma 10 koloko, ndipo kanthawi kameneka ndiko ayenera kukagwiritsa ntchito. Ndiona kuti ndi bwino kutsata nyengo ya dziko limene kavaloyo akukhala koposa kutsata buku mwakhungu.

Kuchepetsa maola kokha sikukwanira, pakuti poni ndi wochenjera. Akazindikira kuti amatulutsidwa kanthawi kochepa, amaweramitsa mutu osaudzutsanso, ndipo m'maola 3 angathe kudya gawo lalikulu la chakudya cha tsiku lonse. Chifukwa chake amamuveka kadengu kakukamwa, kokhala ndi kabowo pansi kamene kamalola timasamba towerengeka, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti kamachepetsa udzu wodyedwa ndi magawo pafupifupi 80 pa 100. Wosamala aone kuti poniyo akutha kumwa madzi atavala kadenguko, kuti sikakumusupula khungu, ndiponso kuti sakumuvula ndi kumusiya m'busa lomwelo, kumene adzabwezera zonse zimene anamanidwa. Ena amadula busa ndi waya wa magetsi, namasuntha wayayo pang'ono tsiku ndi tsiku. Koma kavalo amene anadwalapo kale, kapena amene dokotala wamupima magazi napeza insulini wokwera, malo ake ndi bwalo la mchenga lopanda udzu, lokhala ndi mthunzi, madzi ndi mnzake woti azicheza naye, popeza kavalo ndi nyama ya m'gulu imene imavutika mtima ikakhala yokha.

Kavalo wochotsedwa pa msipu moyo wake umatsamira pa udzu wouma. M'dziko la South Africa udzu wouma wa teff ndi wa Eragrostis ndiwo umapezeka kwambiri, ndipo kawirikawiri ndi woyenera koposa wa oats, umene ungakhale ndi shuga wambiri; koma mtolo ndi mtolo zimasiyana, ndipo mwini wofuna kutsimikiza amatumiza pang'ono kukapimitsa, kuti shuga ndi sitachi pamodzi zisapyole magawo 10 kapena 12 pa 100. Muyeso wa kavalo wofunika kuonda ndi 1.5 pa 100 ya kulemera kwa thupi lake pa tsiku, ndiko kunena kuti poni wa makilogalamu 300 alandire makilogalamu 4.5 a udzu wouma. Ntchito imeneyi njosayenera kuchitidwa ndi diso kapena ndi mkono, chifukwa dzanja la munthu wachifundo limalemera masiku onse. Pakhale sikelo yokoloweka pa mtanda wa khola, ndipo ukonde uliwonse upimidwe udzu ukali wouma. Atapima, auviike wonse m'mgolo wa madzi ozizira kwa ola limodzi, ataupsinja ndi njerwa kuti usayandame. Pouvuula adzaona madzi atasanduka ofiirira, onunkhira kutsekemera, ndipo amenewo akatayidwe kutali, kumene kavalo sangawamwe. Udzu woviikawo uperekedwe ukangokhetsa madzi, pakuti m'kutentha ndi chinyontho cha Durban suchedwa kusasa ndi kuchita nkhungu. Augawe kangapo pa tsiku, mu ukonde wa timaso ting'onoting'ono, popeza chifu cha kavalo nchaching'ono ndipo analengedwa kuti azidya pang'onopang'ono kwa maola ngati 16 pa tsiku.

Ndipo apa ndichenjeze kolimba: kuondetsa kavalo sikumupha ndi njala. Poni kapena bulu wonenepa akamanidwa chakudya mwadzidzidzi, mafuta a m'thupi amakhamukira m'magazi naononga chiwindi, ndipo nthenda imeneyo imapha msanga koposa imene timaithawa. Muyeso usatsike pansi pa umene ndatchulawu popanda mawu a dokotala. Kuviika kumachotsanso michere ina yofunika, choncho pamafunika mchere wonyambita ndi kachakudya kochepa kobwezera micherezo. Ndipo kavalo wodya kikuyu amafunanso kashiamu woonjezera, chifukwa udzu umenewu uli ndi oxalate womanga kashiamu m'matumbo, ndipo akausowa mafupa a kumaso amatupa. Chakudya cha ziweto chotchedwa lucerne, chikaperekedwa pang'ono, chimathandiza pa ichi.

Zoletsedwa nazo zidziwike. KwaZulu-Natal ndi dziko la nzimbe, monga Nchalo ndi Dwangwa kwathu, ndipo molasesi amalowa m'zakudya zambiri za ziweto zogulitsidwa m'matumba. Wosamala anunkhize, agwire, ndipo chakudya chomata m'manja asachipereke kwa poni wotere. Madeya a chimanga, amene kuno amagulitsidwa pa dzina la hominy chop, buledi wotsala, zidutswa za nzimbe, mango ndi magwafa ogwera m'busa, zonsezi nzosayenera. Koma chimene ndifuna abale athu ogwira ntchito ya m'magadeni achimve koposa ndi cha udzu wotchetcha ndi makina pa kapinga wa pakhomo. Munthu amaona mulu wobiriwira m'wilibala, naona kavalo atasuzumira pa mpanda, namva chisoni kuti chakudya chotere chikatayidwe kudzala, nachikhuthulira kuseri kwa mpandawo. Udzu wotere umayamba kusasa ukali pa mulu, kavalo amaumeza wambiri osatafuna, ndipo mapeto ake ndi kupotokola kwa m'mimba kapena ziboda zotentha. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Tsiku lililonse, asanapereke chakudya cha m'mawa, wosamala awerame nagwire ziboda zinayi ndi chikhatho, kuti adziwe kutentha kwake kwa masiku onse. Kenaka aike zala ziwiri kuseri kwa mfundo yaikulu ya mwendo imene ili pamwamba pa chiboda, cha m'mbali, pamene pamadutsa mtsempha. Mwa kavalo wathanzi kugunda kwake nkovuta kukupeza. Kukamveka kwamphamvu pansi pa zala, chinthu chalakwika. Amutulutse namutembenuze pa simenti: wodwala amazengereza potembenuka, amaponda ndi chidendene choyamba, amasinthasintha miyendo ataima, ndipo nthenda ikakula amatambasulira miyendo yakutsogolo patsogolo natsamira kumbuyo. Mizere yozungulira chiboda, yotalikirana cha kuchidendene, imaulula kuti nthendayi inayamba kale mwakachetechete. Mwini kavalo amabwera mwina kawiri pa sabata, dokotala amabwera akaitanidwa. Amene amaona nyamayo m'mawa ndi madzulo ndi mnyamata wathu uja. Ndidziwa kuti mlendo wogwira ntchito m'dziko la eni amaopa kulankhula, kuti angayesedwe wodzikuza kapena kuti mlandu ungamugwere. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Apite kwa madamu kapena kwa bwana tsiku lomwelo, nanene mwaulemu kuti, "Pepani, poni uyu ziboda zatentha ndipo mtsempha ukugunda, ndapempha kuti dokotala abwere lero, ndipo kubusa asapite." Podikira dokotalayo amuike m'khola loyalidwa utuchi kapena mchenga wambiri, asamukakamize kuyenda, amuchotsere chakudya cha m'matumba, namupatse udzu woviika ndi madzi, ndipo ngati ayisi alipo, kuimika miyendo m'madzi a ayisi kumathandiza nthenda ikangoyamba. Amene alibe ndalama za dokotala angafunse thandizo ku Coastal Horse Care Unit ku Cato Ridge kapena ku SPCA ya ku Kloof.

Kuchira kwake nkwapang'onopang'ono. Khoma la chiboda limakula osakwana sentimita imodzi pa mwezi, kotero kuti chiboda chatsopano chimatenga pafupifupi chaka kuti chitsike kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo nthawi yonseyo wosema ziboda ayenera kubwera pa masabata 4 kapena 6 alionse, akugwirizana ndi dokotala amene amajambula fupa ndi X-ray. Kavalo akachira nayamba kuyenda bwino, ntchito ya tsiku ndi tsiku imamuthandiza kwambiri, pakuti minofu yogwira ntchito imamva insulini msanga. Koma wodwalapo kamodzi amakhala pa chiopsezo moyo wake wonse.

Nzeru zimenezi zingabwererenso kumudzi pamodzi ndi katundu wa ku Joni, pakuti abulu okoka ngolo ku Dedza ndi ku Lilongwe ali ndi ziboda za mapangidwe omwewa, ndipo matupi awo amasunga chakudya koposa a poni. Bulu wopumula ntchito m'dzinja pa msipu wa kudambo, kapena wopatsidwa madeya odzaza beseni chifukwa mwini wachokera kuchigayo, angagwidwe ndi nthenda yomweyi. Ndipo popeza bulu amabisa ululu, chizindikiro chake chimangokhala kugona pansi nthawi yaitali masana ndi kuyenda timapazi tating'ono. Akakana kudzuka pomumanga ku ngolo, mwini ayambe wagwira ziboda ndi kufunsa ana zimene anamupatsa dzulo lake, asanatole chikoti.